Wa Chotsekera Chakuda

Mayfair, Johannesburg
11 Febuluwale 2024

Okondedwa amake Lisa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Lisa kumeneko ku Kauma. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukumandivuta chifukwa choimirira tsiku lonse mu shopu ya a Shabir. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa fungo silidutsa pa foni, komanso m'chipinda muno timagona amuna asanu ndipo aliyense ali ndi makutu awiri.

Pempho lanu landidabwitsa, sindibisa. Zaka zisanu ndi zitatu tili pabanja inu mafuta anu ndi vaselini basi, pefyumu munkati amakupweteketsani mutu. Nditapeza ntchito yothira pefyumu m'mabotolo munandiseka kuti mwamuna wandevu ndapita ku Joni kukanunkhiza. Lero ndi inu nomwe mukuti ndikutumizireni wodzola tsiku ndi tsiku. Chabwino, mwina ndi mphepo ya ku Area 43 komwe mwayamba ntchito ya m'nyumbako.

Ndatumiza timabotolo titatu kudzera mwa a Clifton, aja amanyamula katundu wa anthu pa basi. Mukawapeze Lachinayi pa msika wa Tsoka, cha kwa ogulitsa nsapato. Tonse titatu ndi ta sandawudu, mtengo wina wa ku India umene thabwa lake limanunkhira lokha. Fungo lake ndi lofatsa, lotentherako, silithamangira m'mphuno mwa anthu monga amachitira a maluwa aja.

Wa chotsekera choyera ndi wopepuka. Mukadzola m'mawa, pofika masana watha. Ameneyu ndiye wa tsiku ndi tsiku, woyenera munthu wogwira ntchito m'nyumba ya eni ake, kuti madamu asamayetsemule mukamadutsa. Wa chotsekera chofiira ndi wotsekemera, wa ku tchalitchi ndi ku ukwati, koma pa dzuwa la ku Lilongwe njuchi zikutsatani mpaka kunyumba. Wa chotsekera chakuda ndi mafuta enieni osasungunula, amamveka utsi pang'ono. Dontho limodzi limagona pa malaya mpaka mawa, mwina kuchapa kumene osachoka. Ameneyo amagula ndi azibambo, ndangoikamo kuti muone ntchito ya amuna anu.

Posankha musanunkhize pa botolo. Dzolani pang'ono pamkono, musatikite, kenako kachiteni zina kwa ola lathunthu. Fungo loyamba limanama, lenileni limabwera likakhazikika pathupi. Yesani wina lero, wina mawa, ndipo mundiuze. Ine ndikudziwa kale kuti mutenga woyera.

Za mwana wathu amene anabwerera mu Ogasiti muja ndikudziwa kuti simufuna kuzikamba. Inenso zimandiwawa kuti ndinali kuno. Koma m'thupi munachira? Nthawi zonse mumangoti muli bwino n'kusintha nkhani.

Mu jumbomo mulinso nsapato za Lisa za kusukulu. Ngati zakula muikemo thonje kutsogolo.

Ndine mwamuna wanu,
Japhet


Mayfair
10 Malichi 2024

Amake Lisa,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti nsapato zinamukwana Lisa ndiponso kuti chifuwa chinamusiya. Ine ndili bwino. Sabata yatha apolisi anazungulira msewu wathu kufunsa mapepala, ine ndinakhala m'chipinda chosungira katundu mpaka atapita. Zinatha bwino, musade nkhawa.

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri. Mwasankha wakuda. Mukuti woyera ndi wabwino koma sachedwa kutha, wofiira amasanduka fungo lina thukuta likabwera, ndipo mukufuna amene "amakhala kuyambira m'mawa mpaka kuweruka". Mawu amenewo ndi anu. Mukutinso ndikutumizireni botolo lalikulu.

Ndinawauza a Shabir kuti akazi anga asankha wakuda, iwo anachita kuvula magalasi. Akuti pa zaka makumi awiri za ntchitoyi azimayi amene anagula ameneyu angawawerenge ndi zala, ndipo onsewo ankagulira amuna. Ine ndinaseka nawo, koma pobwerera kunyumba ndinkangoganiza. Munthu wokolopa ndi kusita akufuna fungo lofika madzulo kuti amve ndani? Madamu? Kapena agalu a ku Area 43 ayamba kusankha antchito ndi mphuno? Ndikucheza chabe, koma mundiyankhe ndithu.

Botolo lalikulu ndatumiza. Mtengo wake ndi ma randi mazana atatu, koma a Shabir anandichotserako chifukwa ndine wa m'nyumba. Musamale nalo, dontho limodzi kuseri kwa khutu ndi lina pamkono n'lokwanira. Mukatero likufikitsani Khirisimasi.

Msuweni wanga Harold anandiimbira. Akuti tsopano akulondera masana pa geti loyang'anizana ndi la mabwana anu, ndipo amakuonani mukamafika. Ndamuuza kuti azikuyang'anirani ngati mlamu wake. Akuti mumadutsa chapatali osaima n'komwe kupereka moni wabwino. Si khalidwe lanu limenelo, amake Lisa.

Denga la kukhitchini musalisiye mpaka mvula ya chaka chamawa. Pezani munthu aikepo lata lina.

Japhet


Fordsburg
21 Epulo 2024

Alinesi,

Ndikhulupirira muli moyo. Ine ndilipo. Muona kuti keyala yasintha, ndinasamuka ku Mayfair kuja chifukwa cha phokoso. Tsopano ndili kuseri kwa nyumba ina kufupi ndi shopu. Pali mayi wina wa kwathu konko, a Fiona, amene amatithandiza kuphika ndi kuchapa. Ndi nkhani yaitali, ndidzafotokoza tikadzaonana.

Tiyeni ku nkhani ya botolo. Latha? Botolo limene ndinati likufikitsani Khirisimasi latha m'masabata asanu ndi limodzi? Ine ntchito yanga ndi yothira mafuta amenewa tsiku lililonse, ndimadziwa madontho amene amalowa m'botolo limenelo. Ngakhale mukanamasamba nawo sakanatha chonchi. Mukuti simunagulitse, simunataye, Lisa sanaseweretse. Ndiye anapita kuti? Mafuta a azibambo akatha msanga m'nyumba mopanda bambo, ine ndiganize chiyani?

Ndipo si botolo lokha. Mwezi uno mwapempha sopo kawiri, ndi zitenje zinayi. Zinayi! Mukutsegula shopu? Harold akuti anakumana ndi amayi a mvano, akudandaula kuti kuyambira chaka chatha simupita ku tchalitchi, ndipo akabwera kudzakuonani mumawalandirira panja, mphasa osayala, inu chiimirire. Akutinso Lisa anauza ana anzake kuti amayi sagona nayenso pabedi, anamuyalira yekha pabalaza. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi mukumuchotsa kuchipinda kuti mulowe ndani?

Ndikamaimba mumayankha mawu awiriawiri. Ndili bwino. Lisa ali bwino. Zikomo. Kale munkandiuza mpaka za nkhuku ya aneba. Ine kuno ndimadzuka mdima kukadali, ndimathawa apolisi ngati mbava, ndimadya buledi ndi madzi a shuga kuti inu musasowe kanthu. Musandiyese chitsiru, Alinesi. Mtima ukundiwawa ndipo ndikunena poyera.

Botolo lina ndatumiza, koma ndalemba mzere ndi cholembera m'mbali mwake. Pakutha pa mwezi mundijambulire pa foni ya Harold ndione pomwe lafika. Ndaikamonso woyera uja. Ngati n'zoona kuti mukufuna wa tsiku ndi tsiku, dzolani ameneyo ngati azimayi anzanu.

Japhet


Fordsburg
19 Meyi 2024

Alinesi,

Moni. Za thanzi langa musavutike kufunsa, kuno kwayamba kuzizira basi.

Mtedza munatumiza ndalandira. Zikomo. Koma munalakwitsa kuukulunga m'chitenje chanu, chifukwa munaiwala kuti mphuno ndi imene imandidyetsa. Chitenje chimenecho sichinadzoledwe, chinachita kuviikidwa. Sandawudu ali ponseponse, pansi pake pali jiki, ndipo pansi pa jikiyo pali kenakake kamene munthu wayesetsa kukachotsa. Ndinachinunkhiza mpaka a Fiona anandifunsa ngati mutu wanga ukugwira. Munthu sachapa nsalu chonchi ngati alibe chobisa.

Tsopano mverani zimene Harold wandiuza, ndipo musanene kuti ndi wabodza chifukwa waona ndi maso ake kanayi. Lachiwiri lililonse cha m'ma eyiti geti limatseguka, bwana wanu a Maynard amatuluka pa galimoto, inu muli kumbuyo. Madamu mulibe. Mumalowera njira ya ku Old Town ndipo mumabwera masana. Wantchito wa m'nyumba amapita kuti ndi bwana Lachiwiri lililonse? Kukagula tomato? Ku Area 43 tomato amagulidwa ndi anthu awiri?

Lachiwiri lapitali Harold anapita dala kukapempha moto pa geti lanulo galimoto ikulowa. Akuti bwana atatsitsa galasi, fungo limene linatuluka ndi lomwe lija la mafuta amene ndimakutumizirani. Ndiye ndi ameneyo amene ndakhala ndikumuthirira mafuta ine? Ndimaima maola khumi msana ukuwawa kuti bwana wa galimoto azinunkhira?

Chithunzi cha botolo simunatumize. Foni mwayamba kuzimitsa. Harold akuti atakufunsani munangolira n'kumuuza kuti asalowerere za m'banja la eni. Kulira si yankho.

Ndinakukwatirani mulibe ndi sutikesi yomwe, Alinesi. Sindikunena kuti ndine mngelo, kuno ndi kutali ndipo munthu amakumana ndi zambiri, koma ine sindinakuchititsenipo manyazi pamaso pa abale anu. Inu mukundiyalutsa pa geti pomwe pali msuweni wanga.

Mundiyankhe ndi a Clifton ulendo uno. Ndikufuna mundiuze komwe mumapita Lachiwiri.

Japhet Zikhale


Fordsburg
2 Juni 2024

Alinesi,

Kapepala kanu kafika. Mizere itatu. "Bambo a Lisa, sizolemba pa kalata ndipo sizonena pa foni. Bwerani mudzaone nokha. Musawauze anthu."

Mukudziwa bwino kuti sindingabwere. Masiku anga anatha kalekale, ndikangofika pa boda andidinda chidindo choti ndisadzapondenso dziko lino kwa zaka. Mwasankha dala chinthu chimene sindingachite kuti nkhani ife yokha. Ndinu ochenjera, koma si kwa ine.

Mukuti ndisawauze anthu. Ndawauza kale. Ndaimbira malume anga a Paxton monga nkhoswe ya kuchimuna, ndipo iwo alankhula ndi ankhoswe a kwanu ku Malingunde. Adzakhala pansi Loweruka pa 29 mwezi uno, kwa malume ku Kauma konko. Harold adzakhalapo kudzanena zimene waona. Ine ndikufuna chinthu chimodzi chokha, mutchule dzina pamaso pa onse. Mukatchula tiona ngati banja lilipo. Mukakana, Lisa apite kwa mlongo wanga ku Kawale ndipo inu mudziwe kolowera.

Mwapemphanso wakuda. Ayi. Amene amamudzolayo agule yekha, galimoto ali nayo.

J. Zikhale


Fordsburg
16 Juni 2024

Alinesi,

Mwaimba kasanu Lachisanu, ndinaona. Mawu munasiya aja ndawamva, akuti ndiimitse bwalo, akuti mundiuza ndekha ndikangokupatsani mpata. Mpata munali nawo miyezi inayi. Tsopano mukanene kwa akuluakulu.

Lisa mumuveke juzi, ndamva kuti kumeneko kwazizira.

J. Z.


Fordsburg
7 Julayi 2024

Amake Lisa,

Sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu wofunsa za moyo wanu, koma ndikufunsa. Mwadzuka bwanji? Ine ndili moyo. Kalata iyi ndaiyamba kanayi sabata yonseyi.

Malume anandiimbira bwalo litangotha. Sanandipatse moni. Anati, "Japhet, khala pansi umve zimene wachita." Ndiye anandifotokozera zonse, ndipo ndikuzilemba pano kuti mudziwe kuti ndazimva, palibe chimene anandibisira.

Akuti munafika m'mawa n'kupempha kuti muimirire, koma azakhali anu anakukalipirani kuti mkazi woitanidwa pa bwalo saima pamaso pa akuluakulu. Munakhala pamphasa pakhonde la malume. Harold analankhula, malume anawerenga madandaulo anga, a kwanu anafunsa mafunso, maola awiri inu muli pamphasapo mutazolika. Kenako azakhali anati, "Alinesi, tatopa, tchula dzina." Akuti munadzuka pang'onopang'ono, munasuntha n'kuloza pomwe munakhala. Mphasa inali itanyowa, chitenje chanu chonse kumbuyo chitanyowa. Munati, "Dzina lake ndi limeneli. Ndakhala nalo kuyambira tsiku limene ndinataya mwana."

Malume akuti anthu khumi ndi anayi anasowa poyang'ana. Harold anatuluka osatsanzika.

Sindinkadziwa kuti kuli matenda otere, oti mayi akavutika nthawi yaitali pobereka chikhodzodzo chimabooka, mkodzo n'kumangotuluka wokha usana ndi usiku. Tsopano ndikudziwa chifukwa chake woyera uja sanakukwanireni. Ndikudziwa komwe mafuta ankapita, kuti munkathira m'madzi otsukira nsalu zimene mumavala mkati kuti musachotsedwe ntchito. Ndikudziwa kuti Lisa munamuyalira pabalaza kuti asadzuke atanyowa, ndi kuti amayi a mvano munkawalandirira panja kuti asamve. Akuti madamu anu ndi amene anazindikira, ndipo m'malo mokuchotsani anauza amuna awo kuti azikusiyani kuchipatala Lachiwiri popita kuntchito kwawo, inu mutakhala pa pulasitiki kumbuyo. Anthu achilendo anakumverani chisoni. Ine mwamuna wanu, amene ndimadzitama ndi mphuno, ndinanunkhiza chitenje chanu n'kumva kuti pali chobisika, koma ndinathamangira kuganiza za mwamuna. Kenako ndinakumanani mafuta omwewo pomwe munkawafunitsitsa. Mwezi wathunthu mwayenda bwanji kuchoka ku Kauma mpaka ku Area 43 opanda kanthu? Ndikaganiza zimenezo chakudya sichilowa.

Koma chimene chandithyola ndi china. Malume akuti munafotokozanso za ku Malingunde. Kuti nthawi yobereka itakwana munakhala masiku atatu m'nyumba ya amayi anu, azimayi akuluakulu atatseka chitseko, akuti mwana akukana kutuluka chifukwa munayenda ndi amuna ena ine ndili ku Joni, ndipo atuluka mukawatchula maina. Inu munalibe woti mutchule. Anakutengerani kuchipatala tsiku lachinayi, mwana atafa kale. Ndiye munaopa kuti ndikamva za matendawa nanenso ndinena zomwezo. Simunalakwe kuopa. Ndinanenadi, mawu omwewo, ndipo ndinachita kuitanira anthu.

Akuti adokotala anakuuzani kuti matendawa sabwera chifukwa cha chigololo cha munthu aliyense, ndi kuchedwa kupita kuchipatala basi. Ndikuwakhulupirira. Koma azimayi aja amanenanso kuti mwamuna akayenda kunja mkazi ali woyembekezera zimavutanso chimodzimodzi, ndipo palibe amene anaganiza zondifunsa ine. Akanandifunsa, dzina linalipo. Fiona si wotiphikira. Ndinayamba naye mu Juni chaka chatha, inu muli ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kuyambira Epulo ndakhala naye nyumba imodzi. Makalata onse okutukwanani aja ndinkalembera pa tebulo lake. Ndinkakuganizirani zoipa chifukwa ndinkadziwa zimene munthu amachita akakhala yekha, poti ine ndinkazichita.

Ndachoka kumeneko Lachitatu, ndikugona m'shopu. A Shabir ndawauza kuti ndikusiya ntchito. Anati ndiganize bwino chifukwa pa boda akandidinda ndiye kuti Joni ndatsanzika. Ndaganiza. Ndikwera basi ya Lachinayi, Mulungu akalola ndifika Loweruka. Malume akuti opaleshoni yanu ndi ya pa 16, ndipo ambiri amachira. Ndidzakhala panja pa chipatala. Mukafuna ndilowe mudzatume namwino, mukapanda kufuna sindidzalowa.

Sindikupempha kuti mundikhululukire pa kalata, poti inu sindinakulolereni kuyankha mseri. Ndawapempha malume kuti aitanenso anthu onse khumi ndi anayi aja, Harold yemwe, pakhonde lomwe lija, Lamulungu ndikangofika. Inu musabwere ngati simukufuna, mwaima kale pamaso pawo kokwanira. Ulendo uno wokhala pamphasa ndi ine, ndipo ndidzatchula dzina popanda wondifunsa. Akadzatha kumva, za banja lathu mudzanene ndinu, ndipo chimene mudzanene ndidzachitsata.

Ndine bambo a Lisa,
Japhet